Dzina la Pakhoma

Tsiku limene khoti linathetsa ukwati wake, Rozina sanalire ndipo sanapite kutchalitchi. Analowa m'sitolo ya zitsulo ku Valletta, nagula chitini cha penti wobiriwira ndi sikuludiraiva, n'kukwera basi yobwerera kumudzi atazikumbatira pamiyendo. Anagulira dala kutauni kuti a kumudzi asadziwe. Pentiyo anali wa chitseko. Sikuludiraiva inali ya dzina la nyumba.

Kwathu kuno ku Malta nyumba imakhala ndi dzina. Opemphera amaitcha dzina la woyera mtima, amene anakatola chikwama kunja amaitcha mzinda umene unawalemeretsa. Koma a msinkhu wa Rozina ambiri ankachita zachikondi: kudula dzina la mwamuna, kudula la mkazi, n'kulumikiza zidutswazo. Fredu ndi Rozina, Frezina. Dzinalo linasemedwa pamwala woyera wosalala n'kukhomedwa pambali pa chitseko, ndipo linakhala pamenepo zaka zoposa makumi atatu.

Kenako Terezina, mbadwa ya m'mudzi momwemo, anabwerako ku Australia ali wamasiye, zibangili zagolide zili mbwee m'mikono, chilankhulo chathu chikumupinda lilime. Chaka chisanathe Fredu, bambo wa imvi zake amene anapuma kale ntchito kudoko, ananyamula sutikesi n'kukakhala naye m'nyumba zosanjikizana za kugombe. Anthu ankati wathawa. Kuthawa kwake kuti? Pachilumba pano wothawa kwambiri ndi amene wakwera basi ziwiri. Rozina ankakumana nawo kuchipatala, kumsika wa nsomba, ngakhale kumaliro a anthu amene iye yekha ndiye anali nawo pachibale.

Chimene Rozina ankafuna chinali chimodzi basi. Ankafuna kuzula mwalawo ndi manja ake, kukwera nawo basi ya kumaphompho, n'kukauponya m'nyanja. Mwamuna anachoka osamufunsa, maloya anakambirana pamutu pake, koma kotsiriza kokhaku anati ukwati wake autseke yekha. Akatero anthu adzaleka kumutcha Rozina wa ku Frezina. Anali atayamba kale ntchito yosoka makatani a m'mahotela, atadula tsitsi, atauzanso wosema miyala kuti amukonzere dzina latsopano, Serhan, kutanthauza mpumulo. Kuyamba moyo ukuyandikira zaka makumi asanu ndi limodzi kumachititsa manyazi, koma iye ankanyadira nazo mumtima.

Loweruka m'mawa anapenta chitseko, kenako anakokera kampando pakhoma n'kukwerapo. Asanagwire n'komwe msomali woyamba, zenera la pakhonde lam'mwamba tsidya la msewu linatseguka. Anali Lonza, mnzake wa kuubwana, amene mawondo anamukaniza kutsika masitepe koma maso ndi pakamwa zinkagwira ntchito ya anthu atatu.

"Rozina iwe, ugwa pamenepo! Ukathyoka chiuno akunyamule ndani? Ine msana wanga ukuudziwa."

"Ndikagwa udzalengeze. Paja ndiye ntchito yako."

"Asa! Ine ndimangouza anthu zimene akuzidziwa kale. Koma penti ameneyo, mayi iwe, wafanana ndi chitseko cha ku polisi."

"Ndiye bwino, mbava zizilambalala."

Mphepo ya mchere inali itadya misomali yonse inayi. Umodzi unamasuka, itatu inakanirira ngati yamera mizu. Rozina anakankha, anapukusa, chitsulo chinaterereka n'kumukanda chala. Dzuwa linali litayamba kuwotcha, fumbi la nyumba zimene akugwetsa kumapeto kwa msewu likulowa m'mano. Anatukwana pang'onopang'ono, kenako n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

Apo m'pamene galimoto yaing'ono yofiira inaima pambuyo pake. Sanacheuke. Kulira kwa injini imeneyo ankakudziwa kuposa belu la tchalitchi. Mwini sitolo uja wa ku Valletta anali msuweni wa mlamu wake wa Fredu, ndiye nkhani inafika kugombe chitini chisanatsegulidwe.

"Tsikani, make Silvan," anatero Fredu. "Mudzipweteka."

Silvan anali mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakhazikika ku London. Chichokereni Fredu panalibe amene anamuitanapo choncho, ndipo Rozina anadzida kuona kuti miyendo yake yatsika yokha.

"Mwasochera?" anafunsa. "Nyanja ili uko."

"Ndamva kuti mukuchotsa mwala. Chitsulo chimenecho n'chachabe, mungoswa m'mphepete. Tapatseni malo."

Anali atabwera ndi bokosi lake lakale la kudoko, kabotolo ka mafuta, ndi thawulo. Anadonthezera mafuta pamsomali uliwonse, n'kudikira, n'kugogoda pang'ono ndi kanyundo ngati akudzutsa munthu wodwala. Rozina anaima chapatali atapinda manja. Anaona kuti khosi la Fredu lawonda, shati yake sinasitidwe, batani lina ndi la mtundu wina. Zinamusangalatsa, kenako zinamumvetsa chisoni, ndipo chisonicho n'chimene chinamukwiyitsa. Posadziwa chochita analowa m'nyumba n'kutuluka ndi tiyi m'tambula, shuga wake atathira monga kale, osafunsa.

"Eee, tiyi ndithu!" anafuula Lonza. "Ine ndakhala pano chibadwire, sindinalaweko."

"Iwe khala chete, umeza ntchentche."

Fredu anamwa tiyi ataimirira, nathokoza, nabwerera pantchito. Misomali inatuluka umodziumodzi. Anaulandira mwalawo ndi manja awiri, anaupukuta fumbi la kumbuyo ndi dzanja la shati, n'kuyamba kuukulunga m'thawulo mosamala ngati khanda. Pakhoma panatsala chigamba choyera ndi mabowo anayi.

"Mukupita nawo kuti?" anafunsa Rozina.

"Ndimati ndiusunge. Inu mukangoutaya."

Tinene zoona, mawuwo anamufewetsa Rozina. Munthu uyu, ndi uchitsiru wake wonse, akufuna kusunga dzina lawo. Mwina usiku kugombe kuja amadzuka n'kukumbukira. Kwa kanthawi kochepa nyanja ndi maphompho zinamuchoka m'mutu, ndipo akanatha kunena kuti tengani, bambo a Silvan, muzikumbukira kuti munali ndi khomo.

Koma Lonza anali pakhonde.

"A Fredu, muuzeni zoona mwana wa eni ake! Kapena ndinene ine? Nyumba ya malemu osoka nsapato aja, kuseri kwa tchalitchi, agula ndani?"

Fredu anayang'ana m'mwamba ndi maso oti akanakhala mfuti. Kenako anatsokomola.

"Ndimati ndikuuzeni bwinobwino tsiku lina. Terezina masitepe akumuvuta. Akufuna kudzakalambira m'mudzi umene anabadwira. Tisamuka mwezi wamawa."

"Kuseri kwa tchalitchi," anatero Rozina. "Pamene ndimakwerera basi."

"Mudzi ndi wa tonse, make Silvan."

"Nanga mwala?"

Fredu anasisita thawulo lija. "Ndiye taona kuti dzinali likukwanabe. Fredu, Terezina. Frezina yomweyo. Mwala ngati uwu masiku ano sungaupeze, amangokupatsa pulasitiki. Kuutaya n'kuchimwa."

Mazenera ena anali atayamba kutseguka. Mayi wa pakona anatuluka ndi tsache kudzasesa pakhomo pamene anasesa kale. Rozina sanawaone. Ankayang'ana thawulo lija, ndipo m'mutu mwake munabwera chinthu chimene sanachiganizirepo zaka zonsezi, chifukwa chinali chimodzi mwa zinthu zokoma zimene ankazisunga.

Fredu atamufunsira, sipanathe sabata, anafika kwa mayi ake a Rozina atanyamula mwala womwewu m'nyuzipepala, wosemasema. Nyumba inali isanafike n'pamazenera pomwe. Rozina anayenda nawo nyumba ndi nyumba kuonetsa atsikana anzake kuti onani mwamuna wachangu, sagona tulo chifukwa cha ine. Komatu wosema miyala wa masiku amenewo, Wenzu, ankadikiritsa anthu miyezi ngakhale pamwala wa pamanda, mpaka amasiye ankamutukwana pamsewu. Ndipo Terezina, amene aliyense ankadziwa kuti ankayenda ndi Fredu madzulo a Lamulungu, bambo ake anali atamukweza sitima ya ku Australia chaka chimodzi Fredu asanafunsire Rozina.

"Fredu," anatero Rozina. Ulemu unali utatha. "Tandiyang'ana. Mwala uwu unausemetsa liti?"

"Aaa, zakalekale izo, angakumbukire ndani?"

"Wenzu sankasema mwala sabata imodzi. Ngakhale bishopu ankadikira. Unausemetsa liti?"

Fredu anayang'ana galimoto yake, anayang'ana nsapato zake.

"Ndikufunsa iwe. 'Zina' wa pamwalapa ndi ndani, Rozina kapena Terezina?"

"Unalipo kale, Rozina," anayankha motsitsa mawu. "Ndinali nditaulipira kale. Ndikanautaya? Komanso nawe unakukwana bwinobwino. Palibe chimene chinalakwika."

Palibe chimene chinalakwika! Amuna a kwathu ndi otero, sataya kanthu. Msomali wopindika amauwongola, chingwe chakale amachisunga m'chitini, ndipo dzina la mkazi amene wapita amalipezera mkazi wina woti likwane. Loweruka lililonse la ukwati wake Rozina ankatuluka ndi ndowa ndi sopo kukwecha mwala umenewu mpaka kuwala, kulowetsa kansalu m'chilembo chilichonse. Chikondwerero cha woyera mtima wa mudzi chikayandikira ankauzunguliza maluwa. Anali wantchito wa dzina la mkazi mnzake, wosalipidwa, wonyadira.

Anakweza maso kukhonde.

"Lonza. Nawenso unkadziwa?"

"Ine... mlongo wake wa Wenzu ndiye ankanena. Kalekale."

"Ndani winanso?"

"Aliyense, Rozina. Timayesa nawe ukudziwa, ukungolimba mtima. Nanga munthu akanayamba bwanji kunena, iwe ukuyenda nawo mudzi wonse ukuseka?"

Mayi wa tsache uja analowa m'nyumba mwakachetechete.

Rozina anatambasula manja. Fredu anazengereza, koma anthu anali kuyang'ana, ndiye anamupatsa. Mwalawo unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Pansi panali simenti youma gwa. Kungotsegula manja basi, nkhani yonse ikanathera pomwepo m'zidutswa, ndipo Fredu anadziwa zimenezo.

Anaugwira choncho kwa kanthawi. Akauswa, pofika Misa ya madzulo mudzi wonse ukhala ukunena kuti Rozina nsanje yamupengetsa, akumufunabe mwamuna. Koma si zimenezo zimene zinamuletsa. Iye ankafuna kuponya m'nyanja ukwati wake, dzina lake ndi la mwamuna wake. Chimene chinali m'manja mwakemu sichinali chimenecho. Unali katundu wa eni ake amene anangomusungitsa. Analibe choti akataye.

"Tenga," anatero. "Ukamuuze kuti sopo wamphamvu amaudetsa. Azigwiritsa wochapira mbale."

"Make Silvan, musatenge zinthu molakwika..."

"Thawulo ilo ndi langa. Unalitenga pochoka."

Fredu anavundukula mwalawo, napereka thawulo, nauika pampando wakutsogolo wa galimoto n'kuumanga lamba. Rozina analowa m'nyumba. Potseka chitseko anaiwala kuti penti sanaume, ndipo chikhatho chake chonse chinatsala pamenepo.

Dzina latsopano linabwera patapita masabata angapo. Linali laling'ono kuposa lakale, moti chigamba choyera chija chinkaonekera m'mbali monse. Analikhoma yekha, mopendekeka pang'ono, osapempha munthu. M'mawa uliwonse ankaimirira pokwerera basi atafulatira nyumba ya malemu osoka nsapato, koma galasi la pamalo odikirirapo linkamuonetsabe chitseko chatsopano, miphika ya maluwa, ndi mwala woyera uja pambali pake. Wina sankaukwecha bwino. Zilembo zinali zitayamba kuda.

Tsiku lina lole ya gasi inaima pakhomo pake ndi hutala wake wogonthetsa m'khutu. Wonyamula zigubu, bambo wa thukuta lake amene wakhala akubwera mumsewuwu zaka zambiri, anatsitsa chigubu n'kugogoda.

"Gasi wanu, mayi!"

"Sindinaitanitse."

"Aimba foni kuti ku Frezina." Anayang'ana pakhoma, nakanda m'mutu. "Ooo, pepani, ndasokoneza. Paja akuti Frezina yeniyeni ili kuseri kwa tchalitchi. Nanga kuno tizikutchula chiyani tsopano?"

Rozina analoza dzina latsopano lija ndi chala. Bamboyo anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Serhan. Labwino, mayi. Labwino kwambiri."

Anasenza chigubu chake paphewa n'kubwerera kulole. Dalaivala anatulutsa mutu pazenera kufunsa chimene chachitika, ndipo chifukwa cha phokoso la injini bamboyo anayankha mofuula, msewu wonse ukumva.

"Tiye kutchalitchi! Kuno n'ku Frezina yakale, sakufuna kanthu!"