Amene Anadya Nthochi Ali Bwino

Maliro a Chikhulupiliro anatha, koma pakhomo pa Lameki ku Golomoti misozi sinaphwe. Mwanayo anangodwala masiku ochepa n'kutsirizika. Tsopano mlongo wake Sharon nayenso anali gone pamphasa, thupi lili juu. Ku Bwanje mpunga unali utacha, mbalame zikungodzidyera, koma Lameki analibe mtima wopita kumunda.

Amene anabwera ndi dzina la wolakwa anali mlamu wake Frank.

"Alamu, tisabisane. Azakhali anu a Katerina anampatsa Chikhulupiliro nthochi, m'mawa mwake mwana n'kugwa. Mukufunanso umboni wanji? Anyamata apeza kale petulo. Inu mungotitsogolera kunyumba kwawoko."

Lameki anangoti zyoli. A Katerina ndi amene anamulera mayi ake atamwalira. Anali amasiye, opanda mwana, okhala okha m'kanyumba kaudzu. Komabe chisoni chinamuphimba m'maso, ndipo mawu a Frank anayamba kumukomera.

Ali chikhalire, panafika Scholastica, mwana wa aphunzitsi oyandikana nawo nyumba. Iye ankaphunzira filosofi kukoleji, maphunziro osanthula mfundo kuti munthu azisiyanitsa zoona ndi zongomveka ngati zoona. Anatula mtolo wa nkhuni n'kugwada.

"Pepani bambo a Sharon. Ndamva zimene akunena a Frank. Mundilole ndifunseko pang'ono?"

"Funsa," anatero Lameki. "Koma za m'mabuku zakozo sizidzutsa mwana wanga."

"Zoona, sizimudzutsa. Kodi nthochi zija anadya yekha?"

Lameki anaganiza kaye. "Ayi. Ana onse a pano anadya. Inenso ndinadyako."

"Nanga Sharon?"

"Ameneyo kunalibe. Anali kwa agogo ake ku Mtakataka."

"Ndiye kuti ena onse amene anadya ali bwino, koma amene sanadye ndi amene wagona apayu."

"Mfiti imasankha iwe!" analusa Frank. "Ikhoza kumupeza mwana ngakhale ali kutali."

Scholastica sanakweze mawu. "A Frank, mwana akadya n'kudwala, mukuti ndi iwo. Akapanda kudya n'kudwala, mukutinso ndi iwo. Nanga chingachitike n'chiyani kuti muvomere kuti si iwo?"



"Mlandu woti munthu sangapulumuke ngakhale ali wosalakwa si mlandu ayi, ndi msampha," anapitiriza motero mtsikanayo. "Kukoleji amatiphunzitsanso kuti chinthu chikachitika pambuyo pa chinzake, sizitanthauza kuti chinzakecho ndiye chachititsa. Tambala amalira, kenako kumacha. Koma mutamupha tambalayo, kunja kuchabe."

"Nanga wapha mwana wanga ndani?" Lameki anafunsa.

"Sindikudziwa bambo, ndipo sindikunamizani. Ine si dokotala. Koma alipo amene angayeze magazi a Sharon lero lomwe."

Apa m'pamene Lameki anakumbukira kuti Chikhulupiliro anayamba kudandaula mutu nthochizo zisanabwere n'komwe. Anakumbukiranso udzudzu wa m'madimba ndi neti yawo yong'ambika. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Alamu, kauzeni anyamatawo kuti wofuna kutentha nyumba ya azakhali ayambe watentha ine."

Anaitana wakabaza wa njinga yamoto, n'kumunyamula Sharon mpaka kuchipatala cha ku Mua. Magazi anasonyeza malungo aakulu. Anamugoneka n'kumuika diripi, ndipo anamwino anati akanachedwa pang'ono, zikanavuta. Patapita masiku, Sharon anadzuka n'kupempha phala.

Atabwerako, Lameki anapita kwa azakhali ake. Anawapeza atamanga kale zovala zawo m'chitenje, poti mbiri ya petulo inali itawafika. Anagwada n'kupepesa.

"Ndinakubereka kumsana uku, Lameki," anatero a Katerina. "Zoti ukanabwera ndi moto sindinaziganizepo."

"Ndinatsala pang'ono, azakhali."

Mayiwo anamasula chitenje chija. Sanathawe, nyumba yawo sinapse, ndipo Sharon anachira n'kubwerera kusukulu. Koma kwa miyezi yambiri a Katerina ankadzidzimuka akamva phokoso la anyamata panjira.

Pa msonkhano wa alimi a mpunga, Lameki anapempha mpata woti alankhule.

"Anzanga, mwana wanga ndinamuika m'manda, ndipo ameneyo sabwerera. Ndikanatayanso wachiwiri pamodzi ndi mayi wondilera chifukwa chokhulupirira nkhani ndisanaifufuze. Munthu akakuuzani kuti wakuti ndiye wachititsa, mufunseni kuti wadziwa bwanji. Funsaninso ngati palibe chifukwa china. Mwana akatentha thupi, thamangirani kuchipatala, osati kunyumba ya nkhalamba. Kufunsa si mwano, kumapulumutsa moyo."