Chingwe cha Laputopu Chinali kwa Wiebe

Tjitske Boonstra ankasoka matanga a maboti ku Harlingen, m'shedi yaitali yoyang'anizana ndi doko. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake, ndipo tsopano imvi zitadzaza m'mutu anali ataichepetsa. Ankalandira okhawo amene anadziwana nawo kalekale.

Mmodzi mwa iwo anali Auke Zijlstra, mwini wa boti lachitsulo limene kale linkanyamula manyowa m'ngalande, koma masiku ano limangochita mipikisano. M'mawa wina Auke anafika nkhope ili yakugwa. Mphepo inali itang'amba thanga lake lalikulu, theka lake n'kupita ndi madzi.

"Ndikufuna lofanana ndi lomwe lija, Tjitske. Osati labwino kuposa, ayi. Lomwe lija."

"Lomwe lija ndinalisoka mano anga akadali onse m'kamwa," anatero Tjitske akutambasula chidutswa chotsalacho. Nsaluyo inali itatanuka ndi zaka, moti kuyeza pamenepo kukanangomunamiza.

Kadulidwe ka thangalo kanali mu laputopu yake yakale, yakuda, yolemera ngati njerwa ziwiri. Anakaitulutsa pansi pa tebulo lodulira nsalu, n'kuilumikiza ku magetsi. Inayaka ndithu, diski ikumveka kuzungulira m'kati, koma galasi linangokhala bii. Anaimenya pang'ono m'mbali. Palibe chinasintha.

Njira yake ankaidziwa, kungoti sinamusangalatse. Malaputopu amenewa anagula awiri ofanana, iye ndi Wiebe, nthawi imene anali pabanja n'kumayendetsa shediyi limodzi. Ankawalumikiza ndi chingwe chonenepa ngati chala, ndipo imodzi inkaoneka pa galasi la inzake ngati diski wamba, munthu n'kumatengamo zimene akufuna. Banja litatha, aliyense anatenga laputopu yake. Adaputa, kachipangizo kakang'ono kamene kamalowa kumbuyo kuti chingwe chigwire, Tjitske anakapeza m'chitini cha masingano. Chingwe panalibe.

Anaimba foni ku Franeker, kumene Wiebe ankakhala ndi mkazi wake wachiwiri.

"Wiebe, ndi ine. Laputopu ija udakali nayo?"

"Moni kaye, mayi."

"Moni. Udakali nayo?"

"Ukundidziwa kuti sinditaya kanthu. Si zomwe unkandikalipira tsiku lililonse?"

"Nanga chingwe chija?"

"Chilipo. Koma adaputa ndi imodzi yokha. Inayo inasowa."

"Sinasowe. Ili pano."

"Ndinadziwa! Ndipo iwe unalumbira kuti sunaione."

Loweruka Tjitske anakwera sitima, laputopu ili m'chikwama cha nsalu ya thanga. Chitseko anatsegula ndi Hiske, mkazi wa Wiebe, munthu wosalankhulalankhula. Anamupatsa khofi ndi keke ya ginja, kenako anati ali ndi kopita n'kutenga njinga yake.

Wiebe anali atakonza kale tebulo m'chipinda cham'mwamba. Mashelefu anali thoo ndi mawailesi akale ndi makatoni a mawaya. Laputopu yake inali yoyaka, yopukutidwa bwino, ndipo pambali pake panali makina akale osindikizira mapepala.

"Batire inafa kalekale, koma pa magetsi imagwira ngati yatsopano," anatero monyadira. "Ndimaiyatsa kawirikawiri. Iwe yako unaisunga kuti, m'madzi?"

"Pansi pa tebulo."

"Ndi chimodzimodzi."

Anatenga adaputa ya Tjitske, n'kuiyang'ana pa kuwala kwa windo. M'kati mwake munali timano ting'onoting'ono tandandalika, ndipo kamodzi kanali kopindika. Wiebe anatenga kapulayazi kuti akawongole. Kapulayaziko kanagunda m'mphepete, kanagundanso. Tjitske anaona kuti dzanja lake lamanja likunjenjemera, osati mwa kuzizira kapena mantha, koma palokha, chala chachikulu chikutikita chinzake. Wiebe analigwira ndi lamanzere, n'kuyesanso.

"Bweretsa," anatero Tjitske.

"Ndikwanitsa."

"Ukathyola. Bweretsa."

Anatulutsa singano yosokera matanga imene ankayenda nayo nthawi zonse itabayidwa pa kolala ya jekete. Anailowetsa pansi pa kadzinoko n'kukadzutsa pang'onopang'ono. Maso ali pa ntchitoyo anafunsa, "Zinayamba liti?"

Wiebe anayankha, "Chaka chatha. Poyamba ndinkati ndi khofi."

"Adokotala akuti bwanji?"

"Akuti ndi matenda onjenjemeretsa aja. Sachizika, koma akuti sathamanga. Mankhwala ndikumwa."

"Femke akudziwa?"

Femke anali mwana wawo yekhayo, namwino ku Groningen.

"Ali ndi zake zambiri."

"Sindinafunse zimenezo."

"Sakudziwa."

Tjitske anauzira mpweya mu adaputamo, n'kuikankhira kumbuyo kwa laputopu yake mpaka inamveka kuti yalowa. Mtima unkamupweteka, komanso anali atakwiya, ndipo sanadziwe kuti chachikulu n'chiti. Wiebe yemweyu ndi amene kale ankalowetsa ulusi m'singano kukada osavala magalasi.

"Umuuze sabata ino," anatero. "Apo ayi, ndimuuza ndine."

"Ukadali wolamula chomwecho?"

"Gwira chingwecho."

Ulendo woyamba sizinatheke. Anayatsa zonse ziwiri, n'kudikira, koma pa galasi la Wiebe panangooneka diski yake yokha. Wiebe anati vuto ndi adaputa ija. Tjitske anati vuto ndi chingwe chimene chagona m'katoni zaka zonsezi. Anazula, anabwezera, anasinthanitsa mitu ya chingwe. Kenako Wiebe anadzimenya pamphumi.

"Tayiwala dongosolo. Yako iyambe kuyaka, yanga ikhale yozima. Ikakhazikika, ndiye tiyatse yanga."

"Ndimomwe ndinanenera."

"Sunanene."

"Ndinaganiza."

Anazimitsa zonse. Tjitske anayatsa yake, ndipo anakhala phee kumvetsera diski ikuyamba kulira, ikukwera, mpaka phokoso linakhala limodzi. Ndiye Wiebe anayatsa yake. Inatenga nthawi yake, monga mwa makina a masiku amenewo. Pamapeto pake, pansi pa diski ya Wiebe panatulukira ina, dzina lake litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: ZANGA, WIEBE USAKHUDZE.

Wiebe anaseka mpaka kutsokomola. "Ndikhudze, mayi?"

"Lero lokha."

Mafayilo anali ndi maina a maboti. La Auke analipeza msanga, koma akulikopera, diski ya Tjitske inayamba kaphokoso kena, kogogoda ngati wotchi. Kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanaima pakati.

"Ikufa," anatero Wiebe motsitsa mawu. "Usagwedeze tebulo."

Anachotsa dzanja lake lamanja patebulopo, n'kulipana pakati pa mawondo. Tjitske anaona zimenezo. Kamzere kanasuntha pang'ono, kanaima, kanasunthanso, n'kufika kumapeto. Anakoperanso ena angapo, a maboti amene eni ake akadali ndi moyo. Ali m'kati mwa fayilo lina, kugogoda kuja kunaleka, ndipo diski ya Tjitske inazimiririka pa galasi. Anayesanso kuiyatsa, koma sinabwerenso.

Makina osindikizira aja anatulutsa kadulidwe ka thanga la Auke mwaphokoso, inki yake yotuwa koma yowerengeka. Tjitske anadutsamo ndi chala, chidutswa ndi chidutswa, n'kukumbukira chifukwa chake chachitatu anachidula chokhota kwambiri kuposa zinazo. Anapinda mapepalawo n'kuwaika m'thumba la m'kati.

"Yakoyo isiye pompano," anatero Wiebe. "Mabatani ake ndi abwino. Anga ena ayamba kulimba."

"Tenga. Ndi adaputa yomwe."

"Inali yanga kale."

Thangalo linamutengera Tjitske masabata angapo, ndipo Auke anakalipachika mpikisano usanayambe. Koma izi zisanachitike, Lamlungu lina masana, galimoto ya Femke inaima mwamphamvu pakhomo pa shedi. Wiebe anali pampando wakutsogolo, atakhala ngati munthu amene wakalipiridwa msewu wonse.

Femke anayamba kulankhula asanatseke chitseko. Anawanena bambo ake chifukwa chobisa matendawo, mayi ake chifukwa chodziwa iye asanadziwe. Ankafuna kuona mankhwala, ankafuna dzina la dokotala, ankafuna kudziwa ngati pali wina m'banjali amene amakumbukira ntchito imene iye amagwira. Tjitske anamusiya alankhule mpaka mpweya unamuthera, kenako anazimitsa makina osokera.

"Wadya?" anamufunsa.

Anali asanadye. Atatuwo anapita kukagula nsomba zokazinga pa ngolo ya kudoko, n'kukhala pa benchi mphepo ikuwomba. Femke anakhala pakati, akupukuta m'maso ndi kapepala ka mafuta. Chidutswa cha nsomba chinagwa pa foloko ya Wiebe n'kutera pa jekete lake. Iye anachitola ndi dzanja lamanzere, anachidya, n'kufunsa mwana wake ngati galimotoyo waisintha matayala chaka chino.