Pepani Wochedwa wa a Moffat

Mwana wa Amosi, tenanti wa pa esiteti ya fodya, anamwalira m'mamawa, koma dzuwa linafika paliwombo manda asanakumbidwe. Adzukulu a ku Njombwa, amuna okumba manda aja, anangokhala pansi pa mtengo, makasu ali pambali. Mlandu wake aliyense ankaudziwa. Matenanti a pa esiteti, anthu obwera ochokera ku Mulanje, sanaoneke pa maliro a mayi Nabanda, amayi awo a Sunganani, mkulu wa adzukuluwo. Inali nyengo yothyola fodya.

Amosi mtima unali kuwira. Ankafuna akawauze adzukuluwo kuti kapitawo ndiye analetsa matenanti kusiya fodya m'munda, ndipo zinali zoona. Koma a Moffat, tenanti wachikulire amene anzawo ankawaseka kuti mawu amachita kugula, anamugwira dzanja.

"Taona uko, mphwanga. Munthu wokanadi kukumba angabwere ndi khasu? Awa sakufuna zifukwa ayi. Ali ndi chilonda, ndipo akufuna tichione pagulu."

A Moffat sanapupulume. Anadikira amayi amalize nyimbo, anavula chipewa, n'kukanjuta patsogolo pa adzukulu, kuwasiya akuluakulu a mpingo ali pamipando yawo. Za mwana womwalirayo sanatchule n'komwe.

"Zikomo, eni mudzi. Ife tabwera kumaliro a mayi Nabanda. Tachedwa, koma tabwera. A Sunganani, pepani. Mayi aja ankatithyolera nkhwani ife tilibe dimba, ankatitcha ana awo. Tsiku lowaika ife tinali m'mizere ya fodya, ndipo manyazi ake sanatichoke. Pepani ndithu."

Anawomba m'manja mwaulemu n'kulekera pomwepo, osapempha kanthu. Kuyankhula ndiye kumeneko, abale! Ena akanabwebweta mpaka dzuwa kulowa, mtembo ukadali m'nyumba.

Kumbuyo kwa Amosi matenanti anayamba kuyankha mmodzimmodzi, "Pepani, pepani." Iye yemwe, mwana wake atagona pamphasa, anapezeka akupepesa munthu wina, ndipo misozi imene inamukanika m'mawa wonse inatulukira pomwepo.

A Sunganani anazyolika nthawi yaitali. Kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kutembenukira kwa mnzawo amene anakhala naye pafupi.

"Vincent, kadule bango ukayeze mwanayo. Ndi wathu ameneyu."