Tengani Magazi Anga

"Manga nsalu yako ya kapulana bwinobwino, usayende ngati wasenza mazira," anganga Brígida ananong'oneza mdzukulu wawo Lénia akutsika m'chapa, minibasi ya kumeneko, pafupi ndi chipatala. "Anthu a ku Namacula ali ndi maso kumsana. Wina akafunsa, wodwala ndine."

Lénia anali atapita padera kawiri. Tsopano mwezi unali utamudumphanso, koma timadontho ta magazi tinkaoneka. Dzana lake anamutenga magazi pamkono, n'kumuuza kuti abwerenso adzamutenge ena. Anganga nkhaniyo sinawalowe. Munthu akutaya kale magazi, wina n'kumamupopanso? Nanga mwanayo akula ndi chiyani? Chabwino sichichita kubwerezedwa chotero.

Namwino Lídia atangotulutsa jakisoni, anganga anakankha mkono wa Lénia n'kutambasula wawo.

"Tengani anga, mayi. Ine ndinabala mayi ake, mayi akewo n'kubala iyeyu. Magazi ndi omwewo."

Lídia anawayang'ana, kenako anaphulika nako kuseka. "Iii, anganga! Nanunso mwaima? Tiuzeni msanga, mwamunayo ndani?"

"Usandiseke, mwana iwe. Mano onsewo akadali m'kamwa chifukwa sunaone kanthu."

Namwinoyo anaika jakisoni pambali n'kukhala pansi. "Pepani. Mverani, anganga. Mimba ikangoyamba imathira chizindikiro m'magazi a mwini wake yekha. Dzana tinaona kuchuluka kwake. Lero chikapezeka chakwera kwambiri, ndiye kuti mimba ikukula. Chikatsika kapena kungoima, tidziwa msanga kuti pali vuto. Ina imamera kunja kwa chiberekero, ndipo ikaphulika imatenga ndi mayi yemwe."

Anganga anakumbukira za kale. Mwana wawo wamkazi anagwa m'munda wa mbatatesi ku Chimbonila atagwira pamimba, osadwala n'komwe, ndipo dzuwa lisanalowe anali atapita. Palibe anawauzapo chimene chinamudya. Anganga anaimirira mwamantha.

"Tiye kwathu, Lénia. Zinthu izi sazitchula. Ukazitchula umaziitana."

Lénia sanasunthe. "Anganga, kawiri konse ndinakhala chete monga munandilangizira. Ngakhale mwamuna wanga sindinamuuze. Nanga zinatha bwanji? Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ulendo uno ndikufuna kudziwa."

Chikulire chake anali asanawayankhepo chotero. Anganga anafika mpaka pakhomo. Kenako anabwerera, n'kugwira mkono wa mdzukulu wawo ndi manja onse awiri.

"Kabotolo kamodzi kokha, namwino, wamva? Ndikukuona. Ndipo akatsala usakatayire pabwalo, pali anthu otola."

Anadikira pabenchi, mphepo ya ku Lichinga ikuwalasa m'mafupa. Anganga anamuletsa Lénia kupingasa miyendo, kumwa madzi ozizira, ndiponso kuyankha mayi wina wa ku Sanjala amene ankafunsitsa za matenda awo.

Dzuwa litapendeka, Lídia anawaitana.

"Chakwera, pafupifupi kuwirikiza. Ndi nkhani yabwino. Koma sitinafike. Tifunika kuyezanso, kenako tidzaunike m'mimba tione pamene yakhala."

Lénia anaphimba nkhope ndi kapulana, mapewa akugwedezeka. Anganga sanalulute, poopa makutu a pabenchi paja. Anangoweramira kwa namwino n'kutsitsa mawu.

"Tsiku lodzayezanso ndi liti? Undiuze ineyo. Uyu amaiwala."