Nambala ya pa Katoni

"Kodi nambala ndi imene imayendetsa galimoto, a Dikoni? Mateyala alipo, injini ilipo. Chavuta n'chiyani?"

Amene ankalankhulayo anali Mayi Yeom, mkazi wa dokotala amene anali ndi chipatala chakechake komanso anali mkulu wa mpingo. Anali ataima pabwalo la tchalitchi, manja m'chiuno, akuyang'ana Pyo Malsuk, mayi amene anali dikoni mumpingowo, atagwada kutsogolo kwa kalole kake. Pamene pankakhala chitsulo cha nambala panali mabowo awiri okha.

Dzulo lake, Lachisanu, anyamata a khonsolo anamupeza Malsuk pamsika akugulitsa ndiwo zamasamba, ndipo anamasula nambala yakutsogolo ya kaloleko chifukwa anachedwa kulipira msonkho wa galimoto. Iye anathamangira kubanki n'kulipira wonse, koma pofika ku ofesi anapeza atatseka. Nambalayo inayenera kugona komweko mpaka Lolemba. Atafika nako kaloleko patchalitchi, pafupi ndi msika, anakasiya pompo n'kupita kwawo pa basi.

"Amayi, anandiuza kuti kasayende mpaka nambala ibwerere," anatero Malsuk. "Kaloleka ndiko kamatidyetsa ine ndi bambo akunyumba. Mukudziwa kuti chiwagwereni sitiroko sadzuka."

"Msonkho mwalipira kapena simunalipire?"

"Ndalipira. Lisiti ili m'thumbamu."

"Ndiye za boma mwapereka ku boma. Zatsala ndi za Mulungu. Kabichi ali kumunda kutsidya kwa mtsinje, amayi onsewa adzuka m'mawa kudzathira mchere. Kimchi amene tikupangayu, kabichi wosunga ndi mchere ndi tsabola, ndi wa nkhalamba zosowa, adzadya nyengo yonse yachisanu. Mukufuna amasiye agone ndi njala chifukwa cha kachitsulo?"

Amayi enawo, atavala magolovesi ofiira ofika m'zigongono, anasiya kutsuka mabeseni n'kumamvetsera.

"Kapena tiitane mnyamata wa kumsika uja, wa lole yatsopano," anapitiriza Mayi Yeom mofatsa. "Wakhala akupempha kuti ndiwo za chakudya cha mpingo cha pa Sabata tizigula kwa iye. Ine ndimakana, ndimati tili ndi a Dikoni athu ovutika."

Chakudya cha pa Sabata ndicho chinali msika wodalirika wa Malsuk, mvula kaya dzuwa.

"Koma pa mlatho pamakhala apolisi, amayi."

"Mantha! Tadikirani."

Mayi Yeom analowa m'tchalitchi n'kutuluka ndi katoni yoyera, burashi ndi inki. Mumpingo monse munalibe wolemba bwino ngati iwo. Nsalu iliyonse yopachika pachipata, kaya ya Khirisimasi kaya ya zokolola, inali ya dzanja lawo. Anazungulira kumbuyo kwa kalole, anawerenga nambala, n'kuilemba pa katoni mosathamanga, manambala onenepa, oongoka ngati osindikiza.

"Kodi si bodza limeneli, amayi?"

"Bodza lili pati? Nambalayi ndi yanu kapena ya mnzanu? Ndalembapo china?"

"Ayi."

"Basi. Choonadi sichisintha, chilembedwe pa chitsulo kapena pa katoni."

Amayi aja anaseka, wina mpaka anawomba m'manja. Anamangirira katoniyo ndi waya m'mabowo aja. Malsuk anatseka maso, anapemphera mwachidule monga ankachitira asanalize injini, n'kunyamuka.

Popita panalibe vuto. Kumunda anapakira kabichi mpaka kalole kanatsamira mbali imodzi. Pobwerera, atangodutsa mlatho, anaona galimoto ya polisi pagalasi. Sinalize belu. Inangomutsatira mwakachetechete, msewu wonse, mpaka pachipata cha tchalitchi.

Wapolisiyo, bambo wamtali dzina lake Ha, anapita molunjika kutsogolo. Anagwira katoniyo ndi chala n'kupukusa mutu.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

Malsuk anatsika, lisiti ili m'manja. "Ndinalipira dzulo, bwana. Onani. Nambala ili ku khonsolo, ndikatenga Lolemba."

Ha anawerenga n'kumubwezera. "Kulipira mwalipiradi. Koma lisiti si nambala. Mukanayenda opanda kanthu kutsogoloku, ukanakhala mlandu wa chindapusa. Ichi n'china. Kudzipangira nambala ndi mlandu wa kukhoti."

"Koma ndi nambala yanga yomwe!"

"Ngakhale ikhale yanu. Ndalama ikakhala yanu mumadzijambulira kunyumba?" Anamasula wayayo. "Walemba ndani?"

Madzi ankasefukira m'beseni, wotseka mpope palibe. Mayi wina anawerama n'kuyamba kufuna mpeni umene unali m'manja mwake. Ha anayang'ana katoni, kenako anakweza maso kuyang'ana nsalu ya zokolola imene inali idakali pachipata. Anayang'ananso katoni. Sanali munthu wopusa.

Mayi Yeom anatulukira pakati pa anzawo akupukuta manja. Anaweramitsa mutu pang'ono.

"Mwatopa ndi ntchito, bwana Ha. Mayi anu akupeza bwanji? Abambo akunyumba anakawaona kuchipatala kwathu Lachitatu."

"Akupezako bwino, amayi, zikomo," anayankha Ha, maso ali pansi.

Kenako Mayi Yeom anayang'ana katoniyo ngati akuiona koyamba, n'kugwira pakamwa. "Kalanga ine! A Dikoni, mwachita chiyani? Pa khomo la Ambuye? Mukanandiuza kuti muli ndi vuto, si tikanaitana galimoto ina?"

Malsuk anatembenukira kwa anzake. Anayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, anthu amene ankagwada nawo m'mapemphero, amene anabwera kudzamulirira tsiku limene mwamuna wake anagwa. Aliyense anali ndi chake choteteza: wina mwana wake ankagwira ntchito kuchipatala kwa a mkulu, wina ankachita lendi m'nyumba yawo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo kuchipatala komweko ndi kumene mwamuna wa Malsuk ankalandira mankhwala.

"Amayi, ndikufunsanso," anatero Ha kwa Malsuk, osamuyang'ana. "Walemba ndani?"

"Ndine," anatero Malsuk.

"Nokha?"

"Ndekha."

"Dzanja labwino," anatero Mayi Yeom akumwetulira. "Zaka zonsezi kubisa luso, a Dikoni! Chaka chamawa nsalu ya pachipata mulembe ndinu."

Wina anaseka pang'ono, kenako n'kutsokomola.

Ha anapempha makiyi. Anati kalole kakhala m'manja mwa apolisi, ndipo mwini wake apite nawo kukalembetsa mlandu. Za tsiku lokatenga sanalonjeze.

"Katunduyu ndi wa mpingo, bwana, alibe mlandu," anatero Mayi Yeom. Ha anavomera ndi mutu. Nthawi yomweyo amayi aja anandandalika, kuyambira pa kalole mpaka pa mabeseni, n'kuyamba kupatsirana kabichi mwachangu, okondwa kuti manja apeza chochita.

Malsuk anayandikira Mayi Yeom n'kulankhula motsitsa mawu. "Amayi, bambo akunyumba amayenera kutembenuzidwa masana, n'kudyetsedwa phala. Mutumeko munthu, chonde."

"Mukuona nokha mmene tatanganidwira. Kabichi akafota salowa mchere." Mayi Yeom ananyamula mmodzi n'kumutembenuza. "Komanso taonani, apansiwa aphwanyika. Munayendetsa mothamanga. Amenewa tichotsera pa ndalama yanu ya mafuta, musadzadabwe."

Ha anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto ya polisi. Malsuk analowa, anakhala mowongoka, manja ali pa mawondo ngati ali pa benchi ya m'tchalitchi.

Injini isanalire, mmodzi wa amayi aja anayambitsa nyimbo yoyamika Mulungu chifukwa cha zokolola, kuti ntchito iyende. Enawo anailandira. Inali nyimbo yokoma, ndipo ankaimba bwino, kungoti mawu apansi ankasowa. Malsuk anadzidzimuka atamva kuti milomo yake yayamba kale kuwathira mawu apansiwo, pamalo pake penipeni, monga ankachitira Sabata lililonse. Anadzitseka pakamwa ndi dzanja, n'kulisiya pomwepo mpaka galimoto inakhota.