Nsonga za Zitenje

M'mudzi wina kufupi ndi Kasina, anthu ankatcha ntchito ya a Magadalena kuti bulangete losafunda. Nanga ndi nzeru zanji, ankatero, kuno ku Dedza kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, munthu n'kusoka chinthu chochindikala bwinobwino, pansi nsalu, pakati bulangete lakale, pamwamba zigamba, kenaka n'kuchipachika pakhoma kuti chizingopenyedwa? Koma a Magadalena sankasoka zofunda, ankajambula zithunzi ndi nsalu. Cha chaka chino chinali chachikulu kuposa zonse: Phiri la Dedza m'mawa wa mwezi wa Juni, nkhungu itakuta mitengo ya paini, m'munsi muli minda ya mbatatesi. Mayi Rute, mtsogoleri wa gulu lawo la osoka ku boma, anali atachisankha kuti chikaonetsedwe ku Lilongwe, ndipo anati adzachitenga Loweruka.

Chimene chinawasautsa pa ntchito yonseyi ndi nkhungu. Zidutswa za kwa atelala zimakhala zatsopano, zowala mopweteka m'maso, pomwe nkhungu imafuna nsalu yotopa, yochapidwachapidwa mpaka kusuluka. Anadandaula kamodzi kokha kwa amuna awo, a Vinsenti, ndipo kuyambira pamenepo bamboyo akamachokera kogulitsa mbatatesi ankabwera ndi kajumbo ka tizigamba tofewa, tosuluka bwino. Ankati kuseri kwa msika kuli telala wina wokonza zakutha. A Magadalena mpaka anawatama pamaso pa amayi anzawo a kutchalitchi, kuti amuna oganizira ntchito ya akazi awo alipobe.

Miyezi yomweyo m'mudzimo munalowa mphepo yoipa. Mayi ayanika chitenje pachingwe, pokaanula apeza nsonga yadulidwa, kukula kwake ngati chikhatho. Lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Wobadwira kuno aliyense anamvapo kuti wodula nsalu ya mnzake safuna chigamba, amafuna mwini wake. Itadulidwa mbereko ya mayi wina wotchedwa Pilira, mwana wake n'kuyamba kutentha thupi, anthu anasiya kunong'ona. Anayendera nyumba zonse ndi pakamwa, napeza kuti munthu mmodzi yekha ndiye zitenje zake zinali zamphumphu: Ndapeza, mtengwa wochokera kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, amene anakhala pabanja zaka zingapo wopanda mwana. Mlandu unathera pomwepo. Pamjigo ndowa yake ankaikankha ndi phazi, padenga pake pankagwa miyala, ndipo apongozi ake analamula kuti sabata imeneyo isathe asanabwerere kwawo. A Magadalena nawonso, tisawabisire, anali atasiya kumupatsa moni. Diso lawo lija, lotha kusiyanitsa kubiriwira kwa paini ndi kwa nthochi, silinaone kanthu, poti zitenje zofanana n'zambiri ndipo onse amagula msika umodzi.

Lachinayi m'mawa anaima pamzere pamjigo kumbuyo kwa Pilira. Mwana uja anali atachira, kuchipatala atapeza kuti ndi malungo, koma zimenezo palibe ankazikamba. Pilira atawerama kuti atsuke ndowa, mbereko yabuluu ija inafika pamaso pa a Magadalena penipeni. M'mphepete modulidwamo munali theka la chibowo chakupsa ndi khala. Theka linalo a Magadalena ankalidziwa kumene lili. Analizunguliza okha ndi ulusi wotuwa, kuti likhale utsi wa owotcha makala m'mbali mwa phiri, ndipo pachithunzi chonsecho palibe malo amene ankawanyadira kuposa amenewo. Anasiya ndowa pamzere n'kubwerera kunyumba.

Anapeza a Vinsenti pakhonde akukukuta chimanga chowotcha.

"Bambo a Dalitso, telala wanu wakuseri kwa msika uja dzina lake ndani?"

A Vinsenti anayang'ana chimanga, anayang'ana akazi awo, kenaka anaseka. Kuseka ndithu, njere zikuoneka m'mano.

"Mwatulukira eti? Nanga si munkalira kuti mukufuna zosuluka? Atelala akazitenga kuti? Zosuluka zili pazingwe pompano. Kansalu kake kongotere, ndani angafe nako?"

"Ndiye miyala ikugwa kwa Ndapeza muja simumaimva?"

"Aaa, mayi a Dalitso, inunso. Ameneyo ngobwera, anazolowera kunenedwa. Akapita kwawo nkhani yatha. Ine ndine mkamwini pano, mukufuna miyalayo itembenukire kuno?"

"Bwanji iyeyo simunamudulire?"

"Zake n'zatsopano zokhazokha. Alibe mwana wozithetsa. Mukanazikana."

Ananena zimenezi akunyambita zala. A Magadalena anawayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira khoswe wofera mumtsuko wa madzi akumwa, atamwamo kale sabata yonse. Ananyansidwa ndi bamboyo, ndi chala chake chonyowacho, ndi lumo limene linkatuluka pang'ono m'thumba la jekete. Koma chimene chinawanyansa kwambiri ndi manja awo omwe.

"Tamverani," anatero a Vinsenti akutaya chitsononkho kwa nkhuku. "Loweruka chinthuchi chikwera minibasi. Ku Lilongwe kuli ndani wodziwa mbereko ya Pilira? Tsekani pakamwa masiku awiri okha."

Vuto lake linali lakuti bamboyo sananame. Lachisanu lonse a Magadalena anadzitsekera m'nyumba, chithunzi atachiyala pamphasa. Chinali chokongola, ndipo kukongola kwakeko kunawapsetsa mtima. Nkhungu inkayenda ndithu pakati pa mitengo, monga anaifunira. Koma tsopano samaonanso nkhungu. Apa amaona chitenje cha apongozi a Ndapeza, apo cha mayi woimbitsa kwaya, apo cha mlamu wawo. Atanunkhiza anamva utsi wa m'makhitchini a eni ake ndi thukuta la ana a eni ake. Chala chawo chapakati chinali ndi chikanga cha singano cha chaka chathunthu. Anakhala akuchisisita, akudziuza kuti Ndapeza ali ndi kwawo, ndipo mwina kwawoko akakhala bwino kuposa kuno. Atadzimva akulankhula ngati amuna awo, anatuluka panja kukalavula.

Loweruka a Vinsenti analawirira ku boma ndi thumba la mbatatesi. Foni ya a Magadalena inalira, ikuonetsa dzina la Mayi Rute, amene ankayenera kuti afika pamsewu. Iwo anaisiya ikulira, anapinda chithunzi, nachisenza pamutu kulowera kumjigo. Kumeneko anachiyala paudzu pamaso pa amayi onse, n'kuika lumo pamwamba pake.

"Amayi anzanga, aliyense afune nsonga yake atenge. Anakudulirani ndi bambo a kunyumba kwanga. Wosoka ndine. Mankhwala palibe, ndi nkhungu chabe."

Pilira anagwada, naloza utsi wa makala uja, n'kufuula. Amayi anaunjikana ngati nkhuku pa madeya. Lumo linayenda dzanja ndi dzanja, ulusi ukuduka phuthuphuthu, ndipo a Magadalena anaima chilili kuonerera phiri lawo likuboka mabowo, bulangete lakale lija likusuzumira paliponse. Iwo anabwera atakonzeka kutukwanidwa, mwinanso kumenyedwa. Koma zimene anamva zinali zoipa kuposa pamenepo. Amayiwo ankaseka.

"Koma a Vinsenti nawonso, ee! Chikondi chake chimenechi?"

"Amuna inu, Mulungu akuoneni! Ife kumagona ndi korona m'manja, kani ndi zojambulajambula!"

Wina anayerekeza kansalu kake pachitenje n'kuvina nako. Apongozi a Ndapeza anamanga kawo pansonga ina, akupukusa mutu, akumwetulira. Palibe ndi mmodzi yemwe anatchula za miyala. A Magadalena anawayang'ana mmodzimmodzi, akazi amene amalandira nawo Ukaristia benchi limodzi.

Kuseka kunaduka pamene njinga ya kabaza inatulukira m'njira ya kumsewu, itanyamula chikwama ndi mapoto. Kumbuyo kwake kunkabwera Ndapeza wapansi, mtolo uli pamutu. Amayi aja mwadzidzidzi aliyense anapeza chochita ndi ndowa yake. A Magadalena anathamanga n'kumugwadira m'njira.

"Mlamu, musapite. Zadziwika. Si inu ayi. Tinakulakwirani, woyamba ine."

Ndapeza anatula mtolo pang'onopang'ono. Anapita pamene panali chithunzi chija, nachiyang'ana nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Ndiye mudzi wonse unalimo umu?" anafunsa.

"Wonse."

"Kupatula ine."

Ndapeza anagwira nsonga ya chitenje chake chatsopano chachikasu, anailuma ndi mano, n'kuing'amba kwee. Anawerama, nayala kansaluko pabowo lalikulu la pakati pa phiri, n'kukasalaza bwinobwino ndi chikhatho.

"Sokanipo aka, mayi a Dalitso. Mukanangondipempha ndikanakupatsani. Mwina miyala ija ikanandilambalala."

Anasenza mtolo wake, nauza wakabaza kuti tiyeni. Foni ya a Magadalena inayambanso kulira m'chitenje, koma iwo anangokhala chogwada m'fumbi, akuyang'ana kachigamba kachikasu kaja, kowala mopweteka m'maso, pakati pa nkhungu yobokaboka.