Yofiira Ndi Iti, Madala?

Ku Chipasula kunalibe amene ankadziwa kuti Che Lajabu, mmisiri wa mawailesi wa pakhonde la golosale uja, maso anali atawathera. Shuga ndiye anawapweteka. Ankangoona zithunzithunzi, koma manja awo, eee, ankagwira ntchito okha. Chinsinsichi ankachidziwa mkazi wawo Karima basi. M'mawa uliwonse ankawasankhira timapulagi ta masipika, tija amisiri amati mabanana: tofiira m'thumba la kumanja, takuda la kumanzere. Zikanati zidziwike, ndani akanawasiyiranso wailesi yake?

Loweruka lina masana anadzawatenga pagalimoto Alexander, mkulu wina wa ku Area 47 wogula zinthu kuti anzake amuone. Anali atagula ampu, makina aja okuzira mawu, ndi masipika awiri aataliatali, ndipo anzakewo anali kale pabalaza ndi mabotolo awo, kudikira nyimbo.

Che Lajabu anagwada kuseri kwa sipika. Anasenda waya, napota tinsinga take mpaka tonse tinagwirana. Mbali yokhala ndi kamzere anaipeza ndi chikhadabo, imeneyo ndiyo yopita kofiira. Kenako anapisa dzanja m'thumba la kumanja.

"Ayi ayi, madala, zanu za mumsikazo zisakhudze makina anga," anatero Alexander. "Ndagula anga agolide."

Anakhuthulira mapulagi asanu ndi atatu patebulo, ofiira ndi akuda pamodzi. Onse ofanana, kusiyana kamphete ka mtundu kokha.

Che Lajabu anachita mantha, mantha enieni. Anapapasa patebulo, natola pulagi imodzi, naiyandikitsa kumaso mpaka inakhudza mphuno. Palibe chimene anaona. Anangolowetsamo waya uja n'kumanga kasikuluu, mumtima akupemphera. Inali yakuda.

Munthu wamtima akanangoti, madala, mwasemphanitsa. Koma Alexander uja, ndikuuzeni, mtima alibe. Anatsinzinira anzake, natola mapulagi ofiira onse mwakachetechete n'kuwabisa m'thumba. Ndiye anatulutsa foni, nayamba kujambula.

"Madala, anzangawa akufuna kuphunzira. Tatisonyezani, yofiira ndi iti pamenepa?"

Che Lajabu anayendetsa zala pa mapulagi atatu otsalawo. Anasankha yapakati.

"Iyi, bwana."

"Mwatsimikiza?"

"Zaka makumi atatu ndili pa ntchito imeneyi."

Phwete! Nyumba yonse inafa nacho chiseko. Wina mpaka mowa unamutsamwa.

"Zonsezo ndi zakuda!" anakuwa Alexander. "Abale inu, ndatenga wakhungu kuti andiotchere ampu!"

Manyazi amene anawagwira Che Lajabu, bola kumenyedwa. Ali chigwadire, anaomba m'manja, munthu wa imvi pamaso pa ana oti akanawabereka.

"Bwana, chonde. Mungondiuza mtundu, zotsalazo manja angawa achita. Koma musakauze anthu."

"Ine sindiuza munthu," anayankha Alexander akudina foni. "Iyi ndiye yauza kale."

Anawaponyera mapulagi ofiira aja pansi. Che Lajabu anawatola akukwawa, nakonza zonse bwinobwino, chofiira kofiira, chakuda kwakuda, popanda kansinga kotulukira. Nyimbo italira, mawindo ananjenjemera, mawu oyera mbee. Zimenezo palibe anajambula. Che Lajabu anabwerera okha paminibasi.

Pofika Lolemba, kanema uja anali atazungulira Chipasula yense. Anthu anayamba kubwera pakhonde paja mmodzimmodzi, aliyense kudzatenga chake, chokonzedwa ndi chosakonzedwa chomwe. Ena ankanamizira ulendo, ena ankangonyamula.

Womaliza anali Mayi Bahati, oyandikana nawo nyumba zaka makumi awiri, amene Che Lajabu ankawakonzera wailesi mwaulere chimwalirire amuna awo. Anafika monyang'ama, atavula masilipasi kuti asamveke. Koma Che Lajabu anawazindikira ndi kapumidwe kawo.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Bahati?"

Mayiwo anaima chilili, osapuma n'komwe. Kenako ananyamula wailesi yawo pang'onopang'ono, nabwerera chambuyo osayankha.